Ulusi Wofiira pa Kolona ya Mayi Lachingati

Ambiri a ife m'parishi muno tinkangowadziwa kuti Mayi Lachingati, ndipo iwo ankayankha mokondwa. Dzinali linachokera pa funso limene silinkachoka pakamwa pawo akaona mwana wotentha thupi: "Lero ndi tsiku lachingati?"

Anabadwira m'banja la mmisiri wa matabwa, ali mwana wachitatu mwa asanu ndi awiri. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga buku la mapemphero, chifukwa amayi awo anadwala miyendo ndipo pakhomo panasowa wotunga madzi. Tsiku lolandira Ukaristia koyamba, bambo awo anawasemera kolona yamtengo. Mikanda yake sinali yofanana, ina ngati nyemba, ina ngati mtedza, koma anaisunga moyo wawo wonse.

Atakula anakwatiwa ndi bambo wokonza njinga, munthu wanthabwala amene ankati, "Ine ndimawongola masipoko, mkazi wangayu amawongola ine." Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Ali ndi zaka zitatu, mwanayo anatentha thupi masabata awiri. Maso anafiira, milomo inang'ambika, kenako khungu la kunsonga kwa zala linasendeka. Aliyense anati ndi chikuku. Kutentha kunatha, mwana anayambanso kusewera. Patapita mwezi ndi theka, akuthamangitsa nkhuku pabwalo, anangogwa, osadzukanso.

Mayi sanasiye Misa ngakhale Lamulungu limodzi. Analera ana ena atatu, ndipo womaliza atayamba sukulu anapeza ntchito yokolopa m'wodi ya ana kuchipatala. Ankalowa ndi ndowa yawo mwakachetechete, akupempherera bedi lililonse limene ankakolopa pansi pake.

M'mawa wina dokotala wamkulu ankaphunzitsa anzake pafupi ndi bedi lina. Anatchula maso ofiira opanda manthongo, lilime lofiira, manja otupa, zidzolo, mwanabele m'khosi. Chikolopa chinaima chokha m'manja mwa Mayi. Anthu atabalalika anamutsatira.

"Pepani adokotala, zimene mumanenazi si chikuku?"

"Ayi, amayi. Ndi matenda otupitsa mitsempha ya magazi. Tikachedwa, mitsempha yodyetsa mtima imafufuma. Kutentha kukafika tsiku lachisanu, tiziyamba kukayikira. Mankhwala ake amathandiza bwino akaperekedwa tsiku lakhumi lisanadutse."

Mayi anapita kuseri kwa chipinda chochapira nakhala pa ndowa yovundikira. Analira mwana wawo kachiwiri, tsopano akudziwa chimene chinamutenga. Madzulo atafotokozera amuna awo, bamboyo anati, "Ngati chubu chofooka. Kunja tayala likuoneka bwinobwino." Tsiku lomwelo Mayi anamanga kaulusi kofiira pa mkanda wachisanu wa kolona yawo. Chigawo chimodzi cha kolona chili ndi mikanda khumi, ndipo kuyambira pamenepo mkanda uliwonse unkaimira pemphero komanso tsiku.

Ambiri tikukumbukira zimene zinachitika Lamulungu lina titatuluka Misa. Mkazi wa telala, amene ankakhala moyandikana nawo, anali atabereka mtsikana wake wa zaka zinayi, wolira mosatonthozeka. Mayi anavundukula nsalu naona maso aja, milomo ija.

"Lero ndi tsiku lachingati, mwana wanga?"

"Sindikukumbuka bwino, amayi. Malungo anamuyeza kawiri, palibe. Anatipatsa mankhwala a m'botolo."

"Kutenthaku kunayamba bambo ake akusoka chiyani?"

"Diresi la ukwati lija. Linali Lolemba."

Mayi anayendetsa chala pa mikanda. Chinadutsa ulusi wofiira n'kukaima pa mkanda wachisanu ndi chiwiri. Inatsala itatu.

Telala, amene anaima pambali pa mkazi wake, anaseka. "Amayi, udokotala mwauyamba liti? Botolo silinathe. Tidikire Lachinayi, tikaona."

"Lachinayi mikanda idzakhala itatha, bambo," anayankha Mayi mofatsa. "Ngati ndalakwitsa, mudzandiseke chaka chonse, ndidzakuthandizani kuseka. Ine wanga ndinadikira naye."

Telala anawayang'ana, kuseka kunatha. Amuna a Mayi anabweretsa njinga ziwiri.

Kuchipatala anapeza dokotala wachitsikana, wotopa ndi mzere wautali. Mayi anaima pakhomo atagwira manja kumbuyo. "Adokotala, ine ndine wa chikolopa, sindilamula. Ndikungopempha muone maso, lilime ndi manja. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri."

Dokotalayo anaika cholembera pansi. Anamupima mwanayo bwinobwino, anatenga magazi, ndipo m'mawa mwake anamuunika pachifuwa ndi makina oonera mtima. Mtsempha umodzi unali utayamba kufufuma pang'ono. Tsiku lomwelo, lachisanu ndi chitatu, anamuika diripi ya mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi amene anthu amapereka, namuyambitsanso asipirini wa muyeso wake. Mayi anakolopa wodi imeneyo kawiri, ngakhale inali yoyera kale. Lachitatu m'mawa thupi linazizira, ndipo mtsikanayo anadzuka n'kufunsa amene watenga nsapato zake. Anapitiriza kukaunikidwa kwa miyezi ingapo, mpaka dokotala ananena kuti mtsempha wabwerera m'malo mwake.

Telala anawasokera epuloni yokhala ndi kathumba kapachifuwa. "Aka n'ka dokotala wanu wamtengoyo," anatero. "Azikhala pabwino."

Mayi sankalola kutamandidwa. "Ine sindichiza, ndimangowerenga," ankatero. Ana ambiri amene anawatumiza kuchipatala anapezeka ndi matenda ena, ndipo iwo ankasangalala kulakwitsa. Ankachenjezanso azimayi kuti asamapatse mwana asipirini dokotala asananene. Atapuma pantchito anapitiriza kuchapa nsalu za paguwa, ndipo amuna awo atamwalira ankakhala pabenchi yakumbuyo, pamene pamakhala amayi a ana olira.

Matenda awo omaliza sanawazunze. Analandira masakramenti Loweruka m'mawa, ana ndi adzukulu atazungulira bedi. Masana kunabwera mwana wa telala uja, tsopano mayi wa khanda la miyezi isanu. Mayi anapempha kuti aliyandikize. Anaika dzanja lawo pachipumi pake, nadikira pang'ono monga ankachitira nthawi zonse. Chinali chozizira bwino.

"Lero palibe chowerenga," anatero akumwetulira. Anatulutsa kolona m'kathumba kaja naiika m'manja mwa mayi wa khandalo. "Ulusiwu ukatha, udzamange wina."

Dzuwa lisanalowe anapuma mumtendere wa Ambuye. Kolonayo ilipo, ulusi wake ndi watsopano, ndipo pabenchi yakumbuyo funso lija likumvekabe.