Utsi wa Njerwa za Mayi Doroteia

Mayi Doroteia anabadwira ku Chidzolomondo, m'banja lolima fodya ndi chimanga, ndipo anakwatiwa ndi a Lourenço, mmisiri womanga nyumba. Ntchito ankagwira limodzi: mwamuna pakhoma, mkazi padothi. Mayi Doroteia ndiwo ankaponda matope, kuwathira m'chikombole ndi kuyala njerwa padzuwa. Nkhondo itafika kumudzi, a Lourenço anatengedwa kukasenza katundu wa anthu a mfuti, osabwereranso. Mayi Doroteia anathawira ku tauni ya Furancungo ndi amayi awo okalamba, a Zefa, nazika msasa wa udzu kumapeto kwa bairo, dera lokhalamo anthu, pamene nyumba zimathera ndi kuyamba tchire.

Dzinja loyamba msasawo unadontha ngati dengu. A Zefa anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Mayi Doroteia anapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha: mvula ina isadzawapezenso amayi awo pansi pa udzu wovunda.

Kumudzi munthu amangomanga pamalo a makolo ake. M'tauni khoma la njerwa linkafuna lisensa, chikalata cha chilolezo, ndipo lisensa sinkatuluka mpaka munthu wa ku ofesi atafika kudzayeza malowo. Ukamanga popanda iyo, khoma ankaligwetsa. Woyezayo anali a Tomé, bambo wofatsa wochokera kumwera, wa magalasi omanga ndi ulusi.

"Mayi, sikuti ndikukana," ankatero a Tomé. "Koma uko mumakhalako sindiloledwa kufikako popanda asilikali. Ndipo asilikali alibe nthawi yoperekeza munthu wa tepi yoyezera."

"Ine ndimagona komweko, kamarada. Wondiperekeza ndi mngelo yekha," ankayankha Mayi Doroteia, powatchula kuti kamarada monga ankatchulidwira anthu a boma masiku amenewo.

"Mngelo wanuyo ali ndi mfuti?" a Tomé ankaseka. "Pasiyensiya, mayi, lezani mtima."

Mayi Doroteia sanakhale manja lende. Chilimwe chonse anaumba njerwa, amayi anzawo a mumphakati wa ku tchalitchi akuwatungira madzi. Lolemba lililonse ankasamba matope, kuvala chitenje chawo chopitira ku tchalitchi, ndi kukakhala pabenchi ya ku ofesi. Yankho linali lomwe lija. Kenaka mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri. Njerwa yosawotcha ikanyowa imabwerera kudothi, choncho anasanja uvuni, naumata bwino, ndipo tsiku lina m'mamawa anayatsa moto.

Sanauze aliyense wa boma. Kwawo kuwotcha njerwa sikupemphedwa, umangoitana anzako. Nkhuni zouma zinali kutali kumene anthu ankaopa kupitako, ndiye anasonkhezera zaziwisi. Utsi unakwera wakuda bii, wochindikala, mpaka kuoneka tauni yonse.

Zaka zimenezo utsi wotere unkatanthauza chinthu chimodzi: nyumba za anthu zikupsa. Pamsika anthu anabalalika, kusiya mbatata ndi nyemba pansi. Chitsulo chochenjeza chinalira. Asilikali anathamangira kumapeto kwa bairo, ndipo a Tomé analamulidwa kutsagana nawo kuti akalembe nyumba zowotchedwa.

Atafika anapeza amayi akuimba nyimbo ya ku tchalitchi, akuponya zipika m'makomo a uvuni.

Mkulu wa asilikali anatsitsa mfuti, akupumira m'mwamba. "Mayi inu! Tauni yonse yathawa chifukwa cha njerwa?"

Mayi Doroteia anagwada. "Pepani, ana anga. Sindinaganize. Ndalakwa ndithu."

Akudzuka, anaona a Tomé kumbuyo kwa asilikaliwo, thukuta lili kamukamu, magalasi atapendekeka, chikwama chawo cha ntchito chili m'khwapa. Anawayang'ana kanthawi, kenaka analankhula motsitsa mawu.

"A Tomé, asilikali aja ndi awa. Malo aja ndi ano."

Msilikali wina anayamba kuseka, anzake nkulandira, mpaka mkulu wawo yemwe anakhala pachitsa atagwira m'mimba.

"Yezani, kamarada," anatero mkuluyo. "Ine sindithamanganso kawiri chifukwa cha mayi ameneyu."

A Tomé anatulutsa tepi. Msilikali anagwira nsonga yake, nayenda nayo mpaka pamtengo wa mango. A Zefa anasuzumira pakhomo la msasa, atafunda bulangete.

"Mwanawe, usaumire," anauza msilikaliyo. "Koka ndithu. Kodi dziko latha?"

Chidzudzulo sichinalephere. Mayi Doroteia anauzidwa pamaso pa anthu kuti moto waukulu uliwonse uziyamba wanenedwa, ndipo anavomera mwaulemu. Koma sabata yomweyo lisensa inatuluka, chidindo chili pamwamba. A Tomé anaipereka ndi manja awiri.

Uvuni utazizira, njerwa zinatuluka zofiira, zolira ngwee ukazigogoda. Amuna omanga anali atachepa m'tauni, ena kunkhondo, ena atawolokera ku Malawi. Mayi Doroteia anamanga okha, monga ankaonera kwa amuna awo: chingwe, mpeni womangira ndi diso. Anthu odutsa ankaima kuonerera mkazi ali pamwamba pa khoma, chitenje atamanga m'chiuno. Abambo a mumphakati anadzaika denga ndi kufolera udzu watsopano wothithikana. Pambuyo pake mabanja ena othawa nkhondo anabwera kudzaphunzira kuumba, ndipo mbali imeneyo ya bairo inayamba kufiira ndi makoma.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, yamabingu. Mayi Doroteia anaima pakati pa chipinda, maso ali kudenga, akudikira dontho. Silinabwere. A Zefa anali gone pamphasa youma, ndipo patapita nthawi anadzutsa mutu.

"Doroteia, kodi kunjaku kukugwa mvula?"

"Ikugwa, amayi."

"Isiye igwe," anatero a Zefa, natembenukira kukhoma.