Mbalame za a Geresomo Pansi pa Msawu

A Geresomo anabadwira ku Nyachikadza, ndipo mpaka imvi zinadzaza mutu sanagonepo kutali ndi madzi. Anali msodzi wa m'dambo la Ndindi. Sankafunsa munthu komwe kuli nsomba za makakana. Ankangoyang'ana pomwe akakowa achita mzere, n'kuloza bwato komweko. Akazi awo atamwalira anapitiriza kukhala okha, akuwedza, akuwamba nsomba, osapempha mchere kwa aliyense.

Namondwe wa Freddy ndiye anawatulutsa kumeneko. Madzi anatenga nyumba, bwato ndi maukonde tsiku limodzi. Ali pamsasa wa anthu othawa madzi, m'mawa wina anatambasula dzanja kuti anyamule kapu, dzanjalo osamva. Achipatala anati ndi sitiroko. Mkono wamanja unafa, mwendo ankachita kuukoka, lilime nalo linalemera moti mawu ankatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Mwana wawo Esinala, amene anakwatiwa kwa Tengani, anabwera ndi mwamuna wake Maliko kudzawatenga pa njinga.

"Baba, kwathu n'kwanu," anatero Esinala powamangirira ndi chitenje kuti asagwe panjira.

 Kwawo kwa a Geresomo mwamuna sakalambira pakhomo pa mkamwini, koma analibe kwina.

Kwa Tengani kunali kouma. Chaka chotsatiracho mvula inadula mapira asanabereke, thonje linapserera lili m'maondo, ndipo pofika Okutobala mbuzi zonse za Maliko zinali zitapita kukasinthidwa ndi chimanga. Tsiku lililonse Maliko ankapita kukasaka ganyu, Esinala n'kutsika kumtsinje kukazula nyika, mizu ya m'madzi yodyedwa nthawi ya njala, ana awo aakazi awiri ali kusukulu. Asanachoke, Esinala ankakhazika bambo ake pampando pansi pa msawu kuseri kwa nyumba, m'kadimba kouma momwe kale ankadzalamo therere, n'kuwasiyira kapu ya madzi pambali.

Dzuwa la kuchigwa silichita nthabwala mwezi umenewo. Likafika pamutu, ngakhale nkhuku zimagona chotambasula mapiko. Tsiku lina pumbwa anagwa kuchokera mumtengo, phi, pafupi ndi phazi lawo. Anali kukamwa yasa, kakhosi kakugunda. A Geresomo anapendeketsa kapu ndi dzanja lamanzere, madzi n'kudontha pa tsamba louma. Kambalameko kanayang'ana kanthawi, kenaka kanamwa. Patapita nthawi kanadzikung'untha n'kuulukira panthambi.

Madzulo a Geresomo anapempha Esinala phale. Anabwereza katatu mwana wawo asanamve.

"Phale la chiyani, Baba?"

"Mbalame. Ludzu."

"Inu, kumjigo ndimaima pamzere kuyambira m'mawa. Madzi amenewo ndizimwetsa mbalame?"

"Anga," anatero a Geresomo, akuloza kapu yawo.

Esinala anapukusa mutu, koma anawabweretsera phale la mtsuko wosweka. Kuyambira pamenepo a Geresomo ankagawa madzi awo pakati, theka m'phale, theka kukhosi. Esinala akapeta mapira ochepa amene wapeza, iwo ankatsika pampando n'kukhwekhwereza mpaka pomwe wapetera, kutola njere imodziimodzi ndi kuziika m'thumba la malaya. M'mawa mwake ankaziwaza kutsogolo kwawo.

Poyamba kunkabwera apumbwa awiri okha. Kenaka mpheta zinamva, zikubwera m'magulu, zikukangana pamlomo wa phale. Njiwa zinkatera patali n'kuyandikira pang'onopang'ono, ngati alendo oopa agalu. Kunali katimba kena kothothoka mchira kamene kankadikira onse amalize, ndiye n'kulowa m'phalemo thupi lonse kukasamba. A Geresomo ankakadzudzula kuti kakuwononga madzi a anzake. Ankayankhula nazo tsiku lonse, Chisena ndi Chimang'anja chosakaniza, ndipo palibe mbalame imene inawauzapo kuti abwereze. Pakutha milungu itatu mpheta zinkatera paphazi lawo lakufalo, zina n'kumadya m'chikhato. Esinala anaona kuti bambo ake ayamba kumaliza phala lawo, ndipo anayamba kudzaza kapu mpaka pakamwa.

Maliko sanali munthu woipa. Ndiye ankasambitsa apongozi ake Loweruka lililonse, kuwameta ndevu ndi kuwanyamula kupita kuchimbudzi. Koma pakhomo panali patatha mwezi akudya nyika ndi mchere wokha, ndipo tsitsi la Glory, mwana wamng'ono, linayamba kufiira. Tsiku lina anabwerako ku ganyu chimanjamanja, naima pakona ya nyumba nthawi yaitali akuyang'ana mbalame zija. Kenaka anayandikira, nanjuta chapatali monga mwa ulemu.

"Apongozi, mwaswera bwanji?"

"Takhuta," anathokoza m'Chisena.

"Ndimati ndikupempheni. Ana aja mukuwaona nokha. Ndiwo palibe. Mbalamezi zakuzolowerani, ndipo ine ulimbo ndili nawo."

A Geresomo anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena kuti izi anachita kuziitana, kuti nsomba sanayambe waiweta asanaigwire, kuti akanakhala ndi bwato lawo ana akanadya mlamba mpaka kutopa nawo. Zonsezo zinakanirira palilime. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Alendo... anga."

Maliko anaweramitsa mutu. "Ndamva, apongozi. Koma ana."

M'mawa mwake anazika timitengo topaka ulimbo kuzungulira phale, natsanzika, napita kukabisala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu. Mpheta zinabwera monga mwa masiku onse. Yoyamba inatera pakamtengo, inayesa kunyamuka, phiko n'kumatirira. Inalira, zinzake zinabalalika, koma ludzu linazibweza. Pofika masana Maliko anali ndi mbalame khumi ndi imodzi m'chipewa. A Geresomo anaona zonse, chifukwa mpando wawo unayang'ana komweko ndipo sakanatha kuutembenuza.

Esinala anawabweretsera mpheta ziwiri zowotcha m'kambale. Iwo anazikankhira kwa Glory. Tsiku lachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu fungo la nyama linawagonjetsa. Anadya, mafupa omwe, misozi ikutsikira m'ndevu, ana akuwayang'ana osamvetsa.

Atatero anaganiza zoleka kuthira madzi. Anamwa kapu yonse okha m'mawa, phale n'kukhala louma. Mbalame zinabwerabe. Zinazungulira phalelo kukamwa yasa, zikujompha dothi, zina zikuwayang'ana. Dzuwa lisanapendeke njiwa imodzi inagwa cham'mbali, miyendo n'kuuma. Madzulo Esinala anaitola, ndipo mawa lake anadzaza phale yekha asanapite kumtsinje.

"Baba, musandiyang'ane choncho," anatero. "Mukazimana zikufa, mukazipatsa zikufa. Bola zilowe m'mimba mwa ana."

A Geresomo anatsala ndi njira imodzi, kuziopseza. Maliko atatchera n'kuchoka kupita ku ganyu, a Geresomo anayamba kukuwa. "Choka! Chokani!" Koma mawu amenewo ndi omwe mbalamezo zinkamva tsiku ndi tsiku pakudya, ndipo m'malo mothawa zinatsika mumtengo. Anayesa kuomba m'manja, dzanja limodzi silinalire. Anamenya ntchafu, zinangodumpha pang'ono n'kubwerera. Katimba kothothoka mchira kaja katatera pa ulimbo, anawerama kuti atole chibuluma akagende, mpando unapendekeka, iwo n'kugwa chafufumimba kunja kwa mthunzi.

Anagona pamchenga wotenthawo kuyambira dzuwa lili pamutu. Anayesa kudzikoka, mkono wamoyo unapanikizika pansi pa chifuwa. Ankamva katimba kakupalapata pafupi ndi khutu lawo mpaka kanaleka. Anawapeza ndi mayi Dorika, oyandikana nawo nyumba, amene ankadutsa ndi nkhuni. Tsaya ndi mkono zinali zitatuluka matuza.

Maliko anawanyamula kupita nawo kuchipatala pa njinga. Pobwerera, akukankha njingayo pamchenga, anati, "Apongozi, ndikanadziwa." Sanapitirize, ndipo a Geresomo sanamufunse chimene akanadziwacho. Ulimbo sanauchotse. Sabata imeneyo anagwira zisanu, yotsatira ziwiri, kenaka masiku ankatha osagwira kanthu. Mbalame zinali zitachepa, ndipo zotsalazo zinaphunzira kuopa pamsawu.

Mvula inagwa mochedwa, Khirisimasi itayandikira. Madzi anadzaza m'maenje monse, bonongwe anamera m'mbali mwa njira, ndipo ndiwo zinapezeka. Tsitsi la Glory linayambanso kuda. Maliko anabwerera kumunda, timitengo tija n'kugwa tokha ndi chiswe.

A Geresomo alipobe kwa Tengani. Matuza anapola, anangosiya chipsera choyera patsaya. Mawu awo achepa kuposa kale, ndipo Esinala amadandaula kuti masiku ena amatha osamva ngakhale liwu limodzi. Atachira anapempha kuti mpando wawo uzikhala pakhonde lakumaso, kutali ndi msawu. Kumeneko mthunzi umatha msanga, ndipo Esinala anakana kawiri, koma pomaliza anawalola. Tsopano amakhala moyang'ana msewu, kuona njinga zonyamula makala zikupita ku boma. Odutsa akawapatsa moni amakweza dzanja lamanzere.