Lamya ya pa Hotela ya ku Makokola

Nthawi ya chipani chimodzi ija, ine ndi mayi wina woyandikana naye nyumba tinkachita geni ya usipa wouma. Tinkagula kwa asodzi omwewo, kuyanika pa thandala limodzi, n'kukwera lole imodzi kupita ku Limbe, makhadi a chipani titamangirira pa chitenje. Msika ukatikana tinkabwereranso limodzi.

Zinthu zinasintha amuna a mnzangayo atalembedwa ntchito yoyankha lamya pa hotela ina ku Makokola. Bwana akachokapo, ankaimbira mlamu wawo amene ankagulitsa m'sitolo pafupi ndi msika wa ku Limbe, n'kufunsa mmene nsomba zikuyendera. Mnzanga uja anayamba kudziwiratu tsiku lonyamuka ndi tsiku lokhala pakhomo.

Ulendo wina ndinapita ndekha, iye atanena kuti mutu ukumupweteka. Ndinapeza msika utadzaza matemba a ku Chilwa, usipa wanga osauyang'ana n'komwe. Ndinautaya pa mtengo wolira. Nditabwera ndinamupeza akusinja mpunga, ali bwinobwino.

"Achemwali, munadziwa eti?" ndinamufunsa.

"Ndinamva pang'ono," anatero osandiyang'ana. "Koma bambo kunyumbaku anandiletsa kuuza anthu. Akuti lamya imamvedwa ndi ena, zikadziwika ntchito yatha."

Mwina zinali zoona, pakuti masiku amenewo aliyense ankaopa khutu losaoneka. Koma mtima wanga sunamve. Ndinayamba kumusuzumira pa mpanda: akamanga madengu, nanenso ndimange. Atazindikira, anayamba kusungira nsomba zake kwa amayi ake ku mudzi wina, n'kumakwerera lole komweko.

Chaka chimene anafolera nyumba ndi malata, dzuwa likamenya denga lakelo kuwala kunkafika pakhonde panga. Ndinkasuntha mkeka kukakhala kuseri. Ana ake akadutsa atavala nsapato za sukulu, ndinkakalipira anga popanda chifukwa.

Amuna anga, amene anali msodzi, anatopa nane. "Ku positi ofesi ku boma kuli lamya ya aliyense. Pita ukaimbe wekha."

Ndinapitadi, nditavala chitenje chatsopano. Ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Nditafika kutsogolo, kalaliki anandifunsa kuti, "Mayi, nambala yake?"

Ndinalibe nambala. Ku Limbe konse ndinalibe m'bale kapena mnzanga wokhala pafupi ndi lamya. Ndinapempha kuti angondipezera aliyense wa ku msika, anthu a pambuyo panga n'kuseka. Ndinatuluka, n'kugula chinangwa chootcha pafupi ndi mlatho, ndipo ndinadya ndikudikira basi.

Geniyo ndinapitiriza mwa mwayi basi, mpaka ndinaisiya n'kuyamba kuphika zitumbuwa. Mnzanga uja anagula bwato la injini.