A Tsache ndi Nthenda Yosatchulika

Dzina lawo la ubatizo ambiri analiiwala. Aliyense ankangoti a Tsache. Anabadwa okha m'mimba mwa mayi awo, ndipo anakula akuwatsatira mayiwo kutchalitchi atasenza tsache lotalika kuposa iwo. Mayi atamwalira, tsachelo silinasowe mwini.

Anaphunzira kusoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Loweruka likafika ankatseka bokosi la zida n'kukasesa nyumba ya Mulungu, benchi ndi benchi. Ngakhale chingamu chimene ana ankamata kunsi kwa mabenchi ankachipala ndi mpeni wa nsapato. "Mlendo salandiridwa pa fumbi," ankatero.

Anakwatira mochedwa, mkazi wawo n'kutsogola msanga, kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo atakwatiwa kutali, a Tsache ankadya okha, kupemphera okha.

Atakalamba, kachilonda kanatuluka kumaliseche. Anakabisa, monga amuna achitira, mpaka fungo linawaulula. Anthufe ndife oipa! Benchi imene ankakhalapo inayamba kukhala ndi malo ambiri, ndipo manong'onong'o anati ndi matenda a chiwerewere. A Tsache anasamukira kumbuyo, kenako panja, pansi pa zenera pomwe nyimbo zinkawafikabe. Zinkawapweteka mtima kuposa chilondacho.

Mwana wawo atamva, anabwera n'kuwakokera kuchipatala. Adokotala anadula kanyama, anakayeza, nati: "Bambo, ndi khansa, yamtundu wolusa. Asilikali a m'thupi mwanu alowa m'chotupamo, akulimbana nacho, koma achepa mphamvu. Mukanabwera kale."

"Ndiye kuti alipo amene sanandithawe," anatero a Tsache akumwetulira. Mwanayo analira.

Bambo mfumu atabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, a Tsache anapempha chinthu chimodzi chokha: "Pamaliro panga mukatchule nthendayi ndi malo ake. Manyazi andipha ine, asaphenso wina." Anamwalira mwamtendere tsiku lina masana, mwana wawo akuwapukuta nkhope.

Pa Misa ya maliro bambo mfumu anayamikira kudzichepetsa kwawo ndi zaka zonse za utumiki, koma atafika pa matenda, lilime linalemera. "Anadwala nthawi yaitali," anatero, n'kukhala pansi.

Mwana wa malemu anaimirira. "Pepani, bambo mfumu. Bambo anga amwalira ndi khansa ya kumaliseche, osati chiwerewere. Anachedwa kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi. Anati amuna mumve."

Amuna anayang'ana pansi.

Pochoka kumanda, mkulu wina wa kwaya anamutsatira mwana wa malemuyo mpaka anthu atachepa. Anavula chipewa, nafunsa motsitsa mawu: "Mayi, kuchipatalako munalowera khomo liti?"