Noelene pa Sitima ya ku Manly

Mkulu wanga Noelene anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitolo yophika buledi kwathu ku Cobar. Anali munthu wodzuka kusanache, wosachulutsa mawu, wosakonda maulendo. Tsiku limene anauza mwamuna wake Merv kuti akufuna kukaona Sydney, Merv anayamba waika kapu pansi.

"Iweyo? Ku Dubbo komweku umati n'kutali."

Ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Ali mtsikana, asanadziwane ndi Merv, Noelene anatenga pathupi. Makolo athu anamutumiza kumzindako, ndipo anabwerako yekha, khanda atalipereka kwa anthu ena. Pakhomo nkhaniyo sinatchulidwenso, Merv sanauzidwe. Chaka cha ulendowu kalata ya mwana uja inafika kudzera kwa ine. Mwanayo dzina lake anali Darren, ankamanga zingwe pa sitima zapamadzi zochoka padoko la Sydney kupita ku Manly, ndipo analemba kuti sanakonzeke kukumana naye.

"Sindikamuyankhula," Noelene anandiuza. "Ndikangomuona basi. Glenys, undiperekeze."

Merv anatenga kamera ndi pepala la malo oti tikaone. Titafika ku Sydney, m'mawa wonse anatiyendetsa pansi pa mlatho ndi kuzungulira nyumba ya zisudzo, akutiimika apa ndi apo kuti atijambule. Noelene maso anali kudoko.

Tinakwera sitima cha m'ma leveni. Womanga zingwe anali mdala wa ndevu zoyera. Ku Manly Merv anagula nsomba ndi tchipisi, koma za Noelene zinathera mbalame. Pobwerera tinapeza mtsikana ndiye ali pazingwe.

Titatsika, Merv anatulutsa pepala lake. "Tsopano kumalo osungira nyama."

"Tikwerenso," anatero Noelene.

"Tikwerenso chiyani? Si tangotsika kumene?"

"Ndaiwala magalasi pabenchi kutsidyako," ndinanama ine.

"Magalasi ali pamutu pakopo, Glenys." Anatiyang'ana mosinthanasinthana. "Awirinu mwapangana chiyani?"

Merv anapinda pepalalo n'kutsogola kukagula matikiti.

Masanawo mphepo inali itakula. Titafika pamene doko limatsegukira kunyanja yaikulu, sitima inayamba kupendama, madzi akumenya mawindo. Merv anagwiritsitsa mpando. Tikuyandikira Manly, munthu wina anaitana kuchokera pamwamba: "Darren, chingwe chakutsogolo."

Noelene anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala. Amene anathamangira chingwecho anali bambo wojintcha, wadazi, makutu ake otambalala ngati a malemu bambo athu.

Thabwa lotsikirapo linkakwera ndi kutsika ndi mafunde, choncho iye anaima pambali n'kumagwira mkono aliyense wodutsa. Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Anthu asanu patsogolo pathu, kenako atatu, kenako mmodzi. Noelene atafika pathabwapo anangoima.

"Tiyeni kutsogoloko," wina anadandaula kumbuyo.

Darren anatambasula dzanja. "Bwerani mayi, musaope. Ndakugwirani."

Noelene anamugwira ndi manja onse awiri. Anawoloka, anaponda padoko, koma sanamusiye. Ankangomuyang'ana kumaso. Ine ndinkadikira kuti atchule dzina lake.

"Mwafikatu mayi," anatero Darren akuseka. "Mukapita nalo dzanjali andichotsa ntchito."

Noelene anamusiya. Darren anatembenukira kwa Merv amene ankabwera pambuyo, ndipo Merv anamuyang'anitsitsa asanalandire dzanjalo.

Tinakakhala pabenchi ina kunja kwa doko.

"Makutu aja ndi a apongozi anga," Merv anatero, maso ali pansi. "Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi chimodzi," Noelene anayankha.

Ndinaona milomo ya Merv ikuwerenga zaka. Anaimirira, anandipatsa kamera, n'kulowera kumchenga wa m'mphepete mwa nyanja. Tinamuona akuchepa mpaka anasowa pakati pa anthu. Noelene sanalire. Anakhala chiwongokere, chikwama chili pamiyendo, sitima ziwiri zinabwera n'kupita.

Merv anabwerera patatha ola ndi theka, nsapato zitanyowa, atanyamula makapu atatu a tiyi.

"Iye akudziwa kuti ndiwe?"

"Ayi."

"Ndiye imwa tiyi, tizipita. Ine ndazizidwa."

Kunyumba Merv anatha mwezi akugona m'chipinda chakuseri. Pambuyo pake anabwerera yekha kuchipinda chawo. Noelene analemba kalata n'kuulula za tsikulo, ndipo Darren anakwiya, anakhala chete zaka ziwiri. Kenako anabwera ku Cobar kamodzi, pa Isitala, ndi mwana wake wamkazi. Merv ndi amene anakawatenga pa basi. Noelene anapuma ntchito chaka chotsatira, maondo atamuvuta, ndipo masiku ano amalima tomato kuseri kwa nyumba.