Mapazi a Nkhuku a ba Madam Daka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili giredi sikisi ku Kanyama, pamene ndinatsala pang'ono kulepheretsa mphunzitsi mayeso ake. Mphunzitsiyo anali ba Madam Daka, mtsikana wa ku koleji amene anabwera kudzayeserera ntchito pa ife. Ankatiphunzitsa masewera olimbitsa thupi pabwalo lafumbi kuseri kwa makalasi.

Tsiku limenelo kunkabwera mkulu wa ku koleji kwawo kudzaona mmene amaphunzitsira, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapanda kukhutira, ba Madam abwereza chaka. Phunziro linali la minofu ikuluikulu ya m'thupi. Tchati cha sukulu chinali chitadyedwa ndi chiswe, kotero iwo anaganiza zosenda mapiko a nkhuku kuti tione ndi maso mnofu wopinda mkono ndi wouwongola.

Anatuma ine, popeza ndinali ndi mbiri. Amayi ankagulitsa tomato, ndipo ine ndinakulira pansi pa thebulo lawo ndikumvetsera anthu akunenerera mitengo.

"Masauso, ugule mapiko yabili yakulu. Wamvela?"

Ndinamva ndithu. Koma nditafika pamsika m'mawa umenewo n'kuona timapiko tiwirito m'manja mwa mayi wogulitsa, mtima unandiwawa. Pambali pake panali beseni lodzaza ndi mapazi a nkhuku, achikasu, otsukidwa bwino. Nkhuku ndi nkhuku, ndinatero mumtima. Ndinanenerera, ndinachita ngati ndikuchoka, mayiwo anandiitana, ndinabwerera monyinyirika, mpaka anandidzazira pulasitiki n'kuikapo mbasela. Ndinabwerera kusukulu ndikuyenda ngati mwini minibasi.

Ndinapeza anzanga atakhala kale pabwalo. Mlendo uja, bambo wa jekete ngakhale kunali kotentha, anali pampando pansi pa mtengo, faelo ili pamwendo. Ba Madam anatsegula pulasitiki n'kusuzumiramo.

"Ni vichani ivi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Vambili, Madam. Anaikilako na mbasela."

Ndinkadikira kuyamikiridwa. Mmalo mwake ndinaona thukuta likutsika m'mbali mwa khutu lawo. Pamapazi a nkhuku palibe mnofu wooneka: ndi khungu, mafupa ndi mitsempha basi. Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti, poti ndilo phunziro limene tinali tisanaphunzire?

Anatenga phazi limodzi, analitembenuza, kenaka anatsina kamtsempha koyera kotulukira podulidwapo n'kukoka. Zala za nkhuku zinafumbata. Atsikana akutsogolo anabwerera m'mbuyo. Ba Madam anasiya, zala zinatambasuka.

"Apa nine nadonsa," anatero akukokanso kamtsemphako. "Pamene nkhuku inali na moyo, anali kudonsa ni ndani?"

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Masauso, vamene vinali kudonsa vili kuti?"

"Vasala ku maliketi, Madam."

Kalasi yonse inaseka, ndipo mlendo uja analemba kanthu m'faelo. Sindinadziwe ngati walemba za ine.

Kenaka ba Madam anandiimika pakati pa bwalo, nati popeza mapiko palibe, phiko ndikhala ine. Anandipatsa njerwa kuti ndiinyamule ndikupinda mkono, anzanga n'kumabwera pamzere kudzagwira katumba wanga woonda. Anatchula dzina lake lachingerezi, ife n'kubwereza. Ndikawongola mkono, ankagwira wakumbuyo. Anandiimitsa ndi zala za kumapazi mpaka akatumba a m'miyendo analimba. Pomaliza anandinjutamitsa ngati ndakhala pampando woti palibe.

"Paŵaŵa pati?"

"Mu vibelo, Madam."

"Kutsogolo olo kumbuyo?"

"Konse konse."

"Nkhala chabe so mpaka uziŵe."

Ndinakhala choncho ntchafu zikunjenjemera, fumbi likulowa m'kamwa, mpaka ndinadziwa kuti ndi kutsogolo. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndikulangidwa kapena ndikuthandiza. Nkhope yawo sinkanena kanthu. Kenaka aliyense anapatsidwa phazi lake la nkhuku kuti akoke mtsempha, kwinaku akugwira mkono wake n'kumafumbata chibakera kuti amve chimene chikuyenda mkati. Mapazi anakwanira onse. Ndinayang'ana ba Madam kuti aone kuti anakwanira, koma sanandiyang'ane.

Patapita sabata anatiuza kuti anakhoza. Mkulu uja anawayamikira kuti anakonzekera bwino, popeza mwana aliyense anali ndi chogwira m'manja. Ndinawatsatira pakhonde, ndisakudziwa ngati ndipepese kapena ndinene kuti musadandaule.

"So Madam, ninachita bwino?"

"Iyayi," anatero, osaima n'komwe.

Ndinasinkhasinkha yankho limenelo kwa zaka zambiri. Iwo anakhoza, ana anaphunzira, ine ndinagula motchipa, nanga cholakwa chinali pati? Lero ndimagulitsa masipeya a mafoni m'tauni, ndipo kunenerera ndimakuthabe kuposa anthu ambiri. Koma ndinafika pomvetsa kuti tsiku lija ndinapambana mkangano umene palibe anandituma, ndipo amene anatuluka thukuta kukonza zimene ndinawononga anali wina. N'chifukwa chake munthu akandituma chinthu, ndisanafunse mtengo ndimayamba ndafunsa ntchito yake. Mkazi wanga amati ndimafunsa mochedwabe, kawirikawiri ndili kale pakhomo, pulasitiki ili m'manja.