Manachesi a Abiti Saidi

Nthawi ya makadi a chipani ndinali mphunzitsi watsopano ku Lungwena. Mayi woyandikana nane nyumba, Abiti Saidi, anali atafesa njere za manachesi a kwawo ku Namwera m'zitini zisanu. Popita kukavina kumsonkhano wa chipani ku Zomba, anandisiyira mbandezo.

"Muzingothirira madzi basi, aphunzitsi," anatero.

Ndinasangalala zedi. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuwerenga timasamba ndisanasambe n'komwe kumaso. Ndinkafuna adzadabwe pobwera, ndiye ndinathira zitosi za nkhuku zaziwisi, dzanja lodzaza m'chitini chilichonse. Pofika tsiku lachitatu mbande zonse zinali zitapsa.

Ndinathamangira kuseri kwa sukulu, pansi pa mtengo wa mandimu, n'kuzula timbande tisanu tofanana msinkhu ndi zakufazo. Ndinabzala msangamsanga, n'kusalaza dothi ndi supuni.

Atabwera anatikita tsamba limodzi, n'kununkhiza zala zawo.

"Zakula bwino," anatero. Ine ndinavomera, ndithu, mpaka kuwafotokozera kathiriridwe kanga.

Patapita zaka, nditasamukira kwa Mponda, ananditumizira dengu la mandimu ndi mawu akuti, "Manachesi aja abereka." Sindinapepese mpaka lero. Ndinangosenda limodzi, n'kulidya lonse nditatsinzina.